Phiri likagumuka pa siteji, wosamva adziwa bwanji?

Funso: Bambo, ndine wophunzira pa koleji ina kuno ku Blantyre, ndipo m'gulu lathu la zisudzo anandipatsa udindo woyang'anira mawu ndi nyimbo. Tikukonza sewero la banja lina la ku Chilobwe usiku umene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche mu Malichi 2023. Muli mvula, kugogoda pakhomo, foni, kulindima kwa phiri, ndi nyimbo ya maliro kumapeto. Aphunzitsi athu aitana ophunzira osamva pafupifupi 30 kuti adzaonere nawo. Holo yathu ndi ya simenti pansi, malata pamwamba, ndipo ndalama tili nazo zochepa. Anzanga akuti tingobwereka masipika akuluakulu a paukwati n'kukweza mpaka kumapeto. Kodi zimenezi zikwanira? Ngati ayi, nditani? Ndine mwana wanu wa ku Chitawira.

Yankho: Achemwali, masipika a paukwatiwo asiyeni kaye kwa eni ake. Nzeru imene anzanu akupatsaniyo inenso ndinaitsatapo, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka ndimachita manyazi. Zaka zapitazo ndinaitanidwa kukathandiza sewero la ana asukulu m'holo ina yofanana ndi yanuyo. Atandiuza kuti kubwera alendo osamva, ndinakabwereka mabokosi anayi akuluakulu, n'kukweza mpaka magalasi a m'mawindo kumachita kunjenjemera. Sewero lisanafike n'pakati pomwe, mnyamata wina wa pamzere woyamba anavula kachipangizo kake kothandizira kumva, n'kukaponya m'thumba la malaya, n'kupinda manja. Titamaliza ndinapempha womasulira kuti andifunsire mmene aonera. Mtsikana wina anandibwezera funso: "Amayi aja anadzambatuka n'kuthamangira kukhomo chifukwa chiyani?" Kugogoda kumene ndinathera masiku awiri ndikukujambula, pamene nkhani yonse inakhotera, iyeyo sikunamufike. Anangoona mayi akuthamanga ngati wazungulira mutu.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti phokoso ili ndilikweze bwanji. Ndimafunsa kuti phokoso ili likugwira ntchito yanji m'nkhaniyi, ndipo ntchito imeneyo ndingaipereke kwa ndani, diso kapena thupi. Koma tisanafike kumeneko, dziwani kaye alendo anu.

Anthu 30 amenewo si amtundu umodzi. Ena anabadwa osamva, ndipo chinenero chawo choyamba ndi chamanja. Ena anayamba amva, analankhulapo Chichewa pakhomo, kenako malungo aakulu, matenda oumitsa khosi kapena mafinya a m'khutu osachiritsidwa msanga anawalanda kumva. Ena amamva pang'ono akavala zipangizo, ena amadalira kwambiri kuyang'ana milomo. Chimene chingathandize uyu chikhoza kusokoneza uyo. Ndiye sabata ino lankhulani ndi aphunzitsi awo, kaya akuchokera ku Maryview ku Nguludi, kaya ku Mountain View ku Bvumbwe, kaya m'makalasi apadera a m'sukulu za mumzinda momwe muno. Afunseni kuti ndi angati amavala zipangizo, ndi angati amadalira chamanja chokha, ndipo amawerenga msanga chinenero chiti pakati pa Chichewa ndi Chingerezi. Paja safunsa anadya phula. Ndipo pa chikalata choitanira anthu musalembepo "agonthi" kapena "osamva ndi osalankhula". Munthu amene akukamba nkhani ndi manja ake akulankhula, kungoti inu ndi ine sitinaphunzire chinenero chakecho.

Chifukwa chimene mnyamata uja anavulira kachipangizo kake n'chosavuta kumvetsa. Kachipangizoko sikasankha bwino ngati khutu, kamakweza mawu a wosewera pamodzi ndi mkokomo wa sipika, mpando wokhwekhwerezedwa ndi mwana wolira kumbuyo. Holo ya simenti ndi malata imabweza phokoso, liwu limodzi limagunda khoma n'kubwerera kukakumana ndi liwu lotsatira, mawu n'kusanduka phala. Mukakweza, mwakweza phalalo. Komanso anthu ambiri a vuto la kumva ali ndi mpata wochepa pakati pa phokoso limene ayamba kulimva ndi limene liyamba kuwapweteka. Phokoso timaliyeza ndi ma decibel, ndipo muyezo umene akatswiri a zaumoyo wa pantchito amatsata ndi wakuti pa 85 munthu asapitirire maola 8, ndipo mukawonjezera 3 nthawiyo idulidwe pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, pofika pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Masipika a paukwati amafika pamenepo mosavuta ukakhala nawo pafupi, ndipo alendo anu mudzawakhazika kutsogolo. Kakumva kochepa kamene mwana watsala nako ndi chuma chake, musakamuwonongere pa sewero la ola limodzi. Ikani pa foni pulogalamu yoyezera phokoso, muime nayo pamzere woyamba poyeserera. Siyeza ndendende, koma idzakuchenjezani. Holoyo ivekeni: makatani, mabulangete, ziguduli, mphasa zopachika pa khoma la kumbuyo ndi m'mbali. Zimenezi zimachepetsa kubwerera kwa mawu, ndipo ndi zobwereka m'makomo.

Tsopano tengani sikiriputi ndi pensulo, mukhale pansi ndi wotsogolera sewero. Paliponse pamene pali phokoso lembani m'mbali mwake chimene woonera sadziwa ngati salimva. Mudzapeza kuti maphokoso ena ndi ongokometsera, angathe kuchotsedwa osasowa kanthu, pamene ena asenza nkhani yonse pamutu.

Kugogoda ndiye woyamba. Chitseko chanu chisakhale chojambula pa nsalu, chikhale chitseko chenicheni pa felemu yogwedera pang'ono, kuti wogogoda akachimenya chizioneka kuti chikumenyedwa. Kolekanipo chitenje kapena jekete loti lidzagwe pa kugogoda kwachitatu. Kuseri kwake kukhale munthu wa tochi, kuwala kuzilowa pansi pa chitseko. Kenako osewera asatembenuke onse nthawi imodzi ngati nkhuku zaona mphamba. Ayambe mmodzi, mwina mwana, atukule mutu, ayang'ane kukhomo, akodole mayi ake, mayiwo ndiye adzambatuke. Diso la woonera lidzatsata mutu wa mwanayo mpaka kukafika pachitseko. Foni nayonso njosavuta: ikhale pa mbale yachitsulo patebulo, iyake, izinjenjemera n'kumayendayenda pambalepo, mwini wake asaithamangire msanga.

Apa pali chinthu chimene ife akumva sitichiganizira. Inu mumatha kuyang'ana chitseko uku mukumva zimene bambo akunena kumbali ina. Wosamva ali ndi khomo limodzi lolowera zonse, ndilo diso, ndipo diso limayang'ana malo amodzi pa nthawi imodzi. Akakhala akuyang'ana manja a womasulira, chitenje chija chikagwa sachiona. Choncho ntchito yanu yaikulu, kuposa mawaya ndi mikisa (makina okwezera, kutsitsira ndi kusakanizira mawu), ndi kugawa nthawi. Mawu athe, womasulira amalize, atembenukire kukhomo, ndiye kugogoda kubwere. Masekondi awiri kapena atatu amakwana. Osewera anu adzadandaula kuti sewero likuzizira. Sizoona, akumva nawonso amagwira mtima m'manja pa kampata kameneko.

Mvula musavutike nayo ndi makina. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya lendi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilobwe komweko amadziwa mmene mvula imaonekera m'kati mwa nyumba: mayi akutchera beseni pamene pakudontha. Pachikani botolo loboola pamwamba pa siteji, madzi azidontha m'beseni poonekera. Mvula ikakula, mwana abweretse ndowa, kenako poto wophikira ndiwo, kenako asunthe mphasa ndi mabuku a kusukulu. Bambo alowe atanyowa zenizeni, afinye malaya. Polankhulana azichita kuyandikizana mitu ngati anthu amene malata akuwasokosa. Woonera wosamva adzadziwa kukula kwa mvulayo powerenga ziwiya zili pansi. Mvula yojambula ija muikebe chifukwa cha akumva, koma dziwani kuti kuwaza kwake kumakhala m'dera lomwelo la mawu opyapyala monga s, f ndi ts, amene munthu wa vuto la kumva amayamba kutaya. Wosewera akatsegula pakamwa, inu tsitsani mvula. Akatseka, ibwezeni. Dzanja lanu lisachoke pa mikisa.

Tifike pa phiri, pamene ine ndikanathera ndalama zonse zotsala zikanakhala zanga. Phokoso ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo timawerenga kuti kukuchitika kangati pa sekondi, ndiwo ma Hz amene mumawaona pa mikisa. Khutu la mwana wakumva bwino limagwira kuyambira 20 mpaka 20,000. Khungu nalo limamva kunjenjemera, koma kwa pansi kokha, kosapitirira pafupifupi 1,000, ndipo nsonga za zala zimamva bwino kwambiri cha m'ma 250. Chifuwa, mimba ndi mapazi zimagwira bezi yeniyeni, ya pansi pa 100, ija imakugunda m'nthiti minibasi ya nyimbo ikaima pafupi nawe ku Limbe. Ndiye mluzu, belu ndi kulira kwa mbalame n'zachabe ku thupi, koma kulindima kwa phiri ndi mwayi wanu.

Vuto ndi simenti yanuyo. Simenti ndi yolemera, sigwedezeka, mungaike sipika yaikulu bwanji mapazi sadzamva kanthu. Matabwa ndiwo amayendetsa kunjenjemera. Pitani kwa akalipentala, a ku Ndirande amadziwa ntchito, akukhomereni kansanja kafupi, kosapitirira chikhato kutalika, ka mapaleti okutidwa ndi bulokubodi kapena matabwa, kokwana mabenchi a alendo anu. Pansi pake ikani zidutswa za matayala akutha, kuti kansanjako kasakhudze simenti mwachindunji, kazichita ngati kakuyandama. Mabenchi akhale amatabwa, okhomeredwa kukansanjako. Kenako pezani wufa, sipika yotulutsa bezi, imodzi kapena ziwiri, ngakhale za m'galimoto zimene amakonza mawailesi amakhala nazo, muzimange ndi mabawuti ku matabwawo kuti bokosi likagwedezeka ligwedeze nsanja yonse. Kunja amagulitsa tizipangizo topangidwira ntchito imeneyi, togwedeza mpando popanda phokoso lambiri, koma wufa yomangidwa bwino imagwira ntchito yomweyo. Ipatseni ampu (chokuzira mawu) yakeyake ndi njira yake pa mikisa, kuti muzitha kuikweza osakhudza mawu a osewera. Yesani mutakhala pabenchipo nokha, ndipo musaiwale kukweza anthu 30 pa nsanjayo tsiku lisanafike, chifukwa nsanja yopanda anthu ndi yodzaza zimanjenjemera mosiyana, ndiponso mukufuna kudziwa kuti siithyoka. Mawaya onse amatidwe ndi tepi.

Phokoso la kulindimalo likonzeni pa kompyuta ndi pulogalamu ya Audacity, ndi yaulere. Dulani zonse za pamwamba pa 120 Hz kuti ku wufa kupite bezi yokha. Musaliyese pa timasipika ta laputopu, simudzamva kanthu, n'kuganiza kuti mwalakwitsa. Koma ndikuuzeni, chojambula sichiposa ng'oma. Pezani ng'oma yaikulu, ya beni kapena ija ya kutchalitchi, muikhazike pa nsanja yomweyo, woimba akhale poonekera. Alendo adzaona dzanja likutsika, n'kumva kugunda kukukwera m'miyendo nthawi yomweyo, ndipo diso ndi thupi zikagwirizana chotere uthenga sutayika. Zimenezi si zachilendo kwa osamva. Ku yunivesite yawo ya Gallaudet ku Washington, timu ya mpira wa ku America kwa zaka zambiri inkagwiritsa ntchito ching'oma chachikulu pambali pa bwalo, osewera n'kumamva kugunda kwake m'thupi kuti adziwe nthawi yoyambira. Ndipo Evelyn Glennie wa ku Scotland, katswiri wa ng'oma ndi zoimbira zomenya amene pofika zaka 12 anali atasiya kumva, amaimba osavala nsapato kuti nyimbo izimulowa kudzera kumapazi. Auzeni alendo anu kuti amene akufuna avule nsapato. Gulaninso zibaluni, mufufume chimodzi cha aliyense. Munthu akagwira chibaluni ndi nsonga za zala amamva mawu a woimba ndi ng'oma zing'onozing'ono zimene benchi silingagwire. Ndi chinthu chotchipa kuposa zonse zimene ndatchula, ndipo ana amachikonda.

Chenjezo langa ndi lakuti nsanjayo mukaimva ikugwira ntchito mudzaikonda mopitirira, mudzafuna kuigwedeza paliponse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Benchi likamanjenjemera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, thupi limazolowera, pofika pa phiri palibenso chodabwitsa. Ine ndikanaigwiritsa ntchito katatu kokha. Koyamba pang'ono kwambiri, bambo ataima pakhomo kuyang'ana kuphiri, mwina woonera adzikayikire ngati wamvadi kanthu. Kachiwiri mokulirapo, makapu patebulo akuyamba kugwedezeka, ndipo makapuwo agwedezekedi, wina akoke ulusi kuseri. Kachitatu ndiye matope akubwera, ng'oma ndi wufa pamodzi, masekondi osapitirira 20.

Ndiye kudula. Kwa akumva, bata lotsatira phokoso lalikulu limalasa mtima kuposa phokosolo. Kwa wosamva bata silioneka pokhapokha mutalipanga. Choncho zonse ziime pa kamphindi kamodzi: nsanja isiye kunjenjemera, woimba ng'oma asiye dzanja m'mwamba, madzi asiye kudontha, osewera aume pamene ali, womasulira atsitse manja. Kuti zii, koma zii wa maso ndi wa mapazi. Zimenezi muziyeserere kambirimbiri, chifukwa mmodzi akachedwa ndi sekondi imodzi chonsecho chafa.

Ndinenepo kanthu kena pambali. Namondwe uja anapha anthu ambiri mumzinda muno, ndipo m'holomo mudzakhala ena amene anataya abale, mwina pakati pa alendo anu omwewo. Kugwedeza benchi limene munthu wakhalapo si nkhani yaing'ono kwa amene anamvapo nthaka ikuyenda pansi pa mapazi ake. Nenani poyambirira, m'mawu, m'chamanja ndi m'malemba, kuti m'seweromu muli zimenezi, ndipo pakhale mipando ina kunja kwa nsanja ya amene safuna. Taganizaninso kuti usiku umene uja munthu wosamva amene anali mtulo sanamve kukuwa kwa anansi. Olemba sewero lanu akafuna, pamenepo pali nkhani yoposa imene ali nayo.

Sewero lanu lili ndi msampha wina: likuchitika usiku, magetsi atazima. Wotsogolera adzafuna mdima wa bii kuti anthu achite mantha. Kwa akumva mdima umakometsa, mawu amapitirira. Kwa wosamva mukazimitsa nyali mwatseka sewero. Lamulo likhale lakuti palibe liwu lolankhulidwa mumdima. Usiku muusonyeze ndi kuwala kwa buluu kofooka, koma pankhope za olankhula pakhale koloboyi, kandulo kapena tochi, zimene banja la ku Chilobwe likanakhala nazodi. Ching'aning'ani muikemo, koma kamodzikamodzi. Kuthwanima kopitirira katatu pa sekondi kumatha kugwetsa anthu ena a khunyu, ndiye nyali za kudansi zija musaziyerekeze. Ndipo popeza magetsi enieni akhoza kuthima pakati pa sewero, womasulira akhale ndi nyali yakeyake yotchaja kapena ya sola, yosadalira mawaya a holo. Jenereta ikhale kutali, pa dothi, osati pakhonde, chifukwa mkokomo wake umasokoneza ovala zipangizo.

Womasulira mumupeze kudzera ku bungwe la anthu osamva la MANAD kapena kwa aphunzitsi a alendo anuwo, ndipo mumulipire, ndi ntchito. Musatenge mnzanu amene anaphunzira kalembedwe ka zilembo ndi zala pa YouTube. Chinenero chamanja cha ku Malawi ndi chinenero pachokha, chili ndi malamulo ake, si Chichewa chonenedwa ndi manja, ndiponso si chimodzimodzi ndi cha ku America kapena ku Britain. Mtanthauziramawu wake woyamba anatuluka mu 2021. Ngati thumba lilola, akhale awiri, chifukwa ntchitoyi imatopetsa msanga, ndiponso pamene mayi ndi bambo akukangana zimamveka bwino wina akatenga mayi wina bambo. Apatseni sikiriputi masabata awiri zisanachitike, abwere poyeserera kosachepera kawiri. Musawaimike kungodya ya siteji ngati pa nkhani za pa TV, pamene woonera azichita kupotoza khosi uku ndi uku. Aime pafupi ndi pamene zinthu zikuchitikira, ngakhale kuwaveka ngati anansi a banjalo n'kumayenda nawo. Kuwala kugwe pankhope ndi pamanja pomwe, chifukwa nsidze, masaya ndi milomo ndi mbali ya chinenerocho. Mabuku akunja amati womasulira avale zakuda, koma amanena za anthu a khungu loyera. Chofunika n'chakuti manja asiyane ndi malaya, ndiye kwa ife ndi malaya owala, a mtundu umodzi, opanda maluwa. Chitenje cha mawangamawanga chimatopetsa maso.

Ndipo womasulirayo ndi mnzanu pa ntchito ya phokoso. Mugwirizane kuti ndi maphokoso ati amene iye adzasonyeze ndi ati amene siteji idzadzinenera yokha. Chitseko chikugwedezeka poonekera, iye asavutike kunena kuti wina akugogoda, angoyang'ana komweko. Koma kukuwa kwa anthu kunja, kumene sikuoneka, n'kwake.

Za malemba pa khoma, pulojekita ndi PowerPoint zikwana. Kumbuyo kukhale kwakuda, zilembo zoyera kapena zachikasu, zazikulu, mizere iwiri basi pa tsamba, dzina la wolankhula patsogolo. Nsalu yake ikhale pamwamba pang'ono pa mitu ya osewera, pakati, osati kumbali. Pofotokoza phokoso samalani ndi chizolowezi chathu. Chichewa n'cholemera ndi mawu otsanzira phokoso, ndipo dzanja lidzafuna kulemba "go go go" kapena "waaa". Kwa amene anamvapo, zimenezo zimadzutsa chikumbumtima. Kwa wobadwa wosamva ndi zilembo chabe. Lembani chimene chikuchitika ndi mtima wake: "Wina akumenya chitseko mwamantha", "Kunja anthu akukuwa kuti thawani". Wosindikiza batani akhale munthu wodziwa sewero lonse pamtima, azitsata pakamwa pa osewera. Apa muyenera kulimbana ndi khalidwe la zisudzo zathu, loti wosewera akaona anthu aseka amawonjezera zakezake. Tsiku limenelo ayi. Akumva akaseka nthabwala imene palibe pa nsalu ndipo womasulira sanaiyembekezere, alendo anu adzadziwa kuti asiyidwa panja.

Owerenga milomo musawasiye kuti adalire milomo yokha. Imani pagalasi munene "pala", "bala" ndi "phala" osatulutsa mawu, muone ngati pali kusiyana. Nanga "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika, amene timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu kokha? Komabe athandizeni: osewera asalankhule atafulatira, maiki isatseke pakamwa, ndipo agogo a m'seweromo asamatidwe ndevu za thonje zobisa milomo. Za waya wozungulira holo wotumiza mawu mwachindunji ku zipangizo za m'khutu mwina munamvapo. Amathandiza pokhapokha zipangizozo zili ndi mbali yolandirira, yolembedwa T. Ngati mukufuna kudziwa zambiri kafunseni ku chigawo choona za kumva ku chipatala cha Queens, koma pa ndalama zanuzo ine sindikanayambira pamenepo.

Nyimbo ya maliro ija ndi imene ndikuopa kuti mudzangolemba pa nsalu kuti "Nyimbo" n'kupuma. Liwu limenelo silinena kanthu. Mawu a nyimboyo alembedwe onse, mzere ndi mzere, pa liwiro limene akuimbira. Amayi oimbawo akhale pansi monga timakhalira pa siwa, atatambalala, akuweyuka pamodzi, kuti kayendedwe ka nyimbo kaoneke m'mapewa mwawo. Nsanja isagwedezeke pamenepa, zibaluni zokha zigwire ntchito. Ndipo mukapeza wophunzira wosamva mmodzi woti aime pakati pawo n'kuiimba ndi manja, mudzaona akumva akupukuta misozi. Ku Los Angeles kuli gulu la Deaf West Theatre, limene linayamba mu 1991, lodziwika ndi kuika osewera osamva ndi akumva pa siteji imodzi, chamanja ndi mawu zikuyendera limodzi. Palibe choletsa gulu la koleji ya ku Blantyre kuyesa zomwezo ndi mtengambali mmodzi.

Zonse ndanenazi ndi maganizo a munthu wakumva, ndipo zina zidzakhala zolakwika kwa alendo anu enieniwo. Kutseka makutu ndi thonje n'kuonera poyeserera kumathandiza pang'ono kuona mabowo akuluakulu, koma inu mukudziwa kale nkhaniyo, simungadziyese. Itanani osamva atatu kapena anayi, akuluakulu ndi ana, kukadali masabata atatu, muwalipirire minibasi ndi chakudya. Akaonera musawafunse kuti "Mwasangalala?" Ndi Amalawi anzathu, adzakuyankhani kuti zinali bwino. Apempheni akufotokozereni nkhaniyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamene adumpha, pamene asokoneza, pamene afunsa ngati mtsikana wanga uja, lembani. Pamenepo ndi pamene phokoso lanu lidakali m'khutu mokha. Afunseninso za benchi, ngati likugwedezeka mokwanira kapena likuchita kunyansa.

Ndalama zikavuta, yambani ndi womasulira ndi nyali yake, kenako mayendedwe a okuyeserani aja, kenako zibaluni ndi ng'oma. Nsanja ibwere pambuyo pa zimenezi, pulojekita mubwereke ku koleji. Pakhomo pakhale wina wodziwa kupereka moni m'chamanja, zolengeza zonse zionekenso pa nsalu, ndipo poyamba sewero thimitsani ndi kuyatsa magetsi a m'holo kawiri m'malo moliza belu. Ngati tsiku silinakhazikike, yang'anani sabata ya 23 Sepitembala, tsiku lokumbukira zinenero zamanja padziko lonse, mwina mungapeze okuthandizani mosavuta.

Osewera anu muwauziretu chinthu chimodzi, kuti asadzakhumudwe. Pomaliza, mizere ya kutsogolo mwina sidzawomba m'manja. Adzakweza manja m'mwamba n'kumawagwedeza, zala zili tambasu, ndiko kuwomba kwawo. Uzani wa magetsi ayatse nyali za m'holo osewera asanaweramire anthu, kuti awaone manjawo n'kubweza chimodzimodzi.